Mlandu Ukatha, Ndalama za Khoti Alipira Ndani?

Milandu ya pakati pa anansi siisowa m'makhoti a ku Chipata, Katete ndi Petauke. M'dzinja ng'ombe zimalowa m'munda wa cimanga, m'cilimwe moto wa osaka mbewa umatentha nkhokwe ya mwini. Ambiri amayesa kuti woweruza akagamula cipepeso nkhani yatha. Koma kawirikawiri mpamene pamabuka mkangano waciwiri, wa ndalama zimene zinapita poyendetsa mlanduwo.

Ku Local Court, makhoti amene lamulo la caka ca 1966 linaika m'malo mwa makhoti a mafumu a nthawi ya atsamunda, zinthu nzopepuka. Maloya saloledwa kuimira munthu pa milandu yotere. Cimene munthu amataya ndi ndalama za samani ndi za ulendo wa mboni, ndipo khoti lingalamule wogonja kubwezera mnzace zina mwa izo. Masiku amene khasu linagona, amenewo sabwezedwa.

Bvuto limakula wogonja akacita apilo kwa mejasitiriti, imene iyenera kucitika masiku 30 asanathe, kapena mlandu ukakwera mpaka ku High Court. Kumeneko maloya amalowa. Mwambo wa makhoti ngwakuti wogonja ndiye alipira zimene wopambana anaononga, ngakhale woweruza ali ndi mphamvu yolamula kuti yense adzilipirire yekha. Tsono abale, mvetsani apa: kupambana sikutanthauza kulandira zonse. Loya wa wopambana amalemba mndandanda wa nchito yace, makalata amene analemba, maulendo, ndi masiku amene anakhala m'khoti. Wogonja akaukana, umapita kwa mkulu wa ku khoti wochedwa Taxing Master, amene amapenda mzere uliwonse nadula zimene aona kuti sizinali zofunika kapena zakwera mtengo. Zimene wadulazo sizifafanizika ai. Loya amazifunabe kwa munthu amene anamlemba nchito.

Motero munthu angapambane mlandu wa matumba owerengeka a cimanga nagulitsa ng'ombe kuti alipire loya wace. Ife tiona kuti loya aliyense ayenera kumuuza munthu zimenezi asanalembe kalata yoyamba. Osauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Board.

Wogonja nayenso asaganize kuti kukhala cete kudzamupulumutsa. Akapanda kulipira, wopambana angapemphe khoti kutuma anthu ace kukalanda katundu ndi kumgulitsa, ndipo ndalama za ulendo wa olandawo zimaonjezedwa pa ngongole yomweyo.