G kapena F? Kusankha purosesa ya kompyuta ya magemu ndalama zikakhala zochepa

Kuno ku Mzimba ndi midzi yochepa imene ilibe munthu ku Joni. Galimoto zonyamula katundu zikafika pa Jenda kapena pa boma, pamatsika mabulangete, masipika, mapanelo a sola, ndipo masiku ano nthawi zina kompyuta. Funso limene a Fomu 3 ndi Fomu 4 amakonda kundifunsa ndi ili: asibweni alonjeza kompyuta, koma ndalama yawo siyikwana kugula graphics card, ndiye ndiwauze agule purosesa yanji yoti ndiziphunzirira Computer Studies komanso kumenyako gemu ya mpira Loweruka? Ambiri amadziyankha okha kuti "i7 basi". Ine ndimawauza kuti dzina lakuti i7 palokha silikuuzani chilichonse za magemu. Tiyambe ndi ntchito imene kompyuta imagwira mukamasewera.

Chithunzi cha pa sikirini ndi timadontho tating'onoting'ono totchedwa ma pixel. Sikirini ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho 2,073,600. Kuti wosewera mpira azioneka akuthamanga bwinobwino osadukizadukiza, chithunzi chonsecho chimayenera kujambulidwanso ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi. Chulukitsani nokha: ka 60 ndiye kuti timadontho toposa 124 miliyoni pa sekondi, kalikonse kofuna kuwerengeredwa mtundu wake, kuwala kwake ndi mthunzi wake. Samu ya kadontho kamodzi ndi yophweka. Vuto ndi kuchuluka kwake.

Purosesa, imene ena amati CPU, ili ngati aphunzitsi a masamu anayi kapena asanu ndi mmodzi. Samu yovuta amaiphwanya msanga, koma ndi ochepa. Gawo lojambula zithunzi, GPU, lili ngati holo yodzaza ana a Sitandade 5 mazanamazana, aliyense wapatsidwa kasamu kamodzi kophweka ndipo onse akulemba nthawi imodzi. Pa ntchito ya timadontho ija, holo ya ana imawasiya kutali aphunzitsi. Holoyo mukhoza kuigula payokha, ndiye graphics card ija, yokhala ndi fani yake ndi memori yake, ndipo nthawi zambiri ndi chinthu chodula kuposa china chilichonse m'kompyuta ya magemu. Kapena mukhoza kugula purosesa imene opanga anaikamo kale kaholo kakang'ono m'kati mwake. Imeneyo ndiyo ya integrated graphics.

Apa ndi pamene chilembo chimodzi chimagwetsa anthu. Kwa Intel, purosesa imene dzina lake likuthera ndi F, monga i3-10100F kapena i5-12400F, ilibe gawo lojambula logwira ntchito. Imatsikirako mtengo, n'chifukwa chake wogula wosadziwa amaithamangira. Mukaiyatsa popanda graphics card, mafani azungulira, koma sikirini ikhala yakuda bii. Kwa AMD, pa mapurosesa a desktop a soketi ya AM4, zinthu zili motembenuka: yang'anani G. Ryzen 5 5600G imajambula, pamene Ryzen 5 5600, 5600X ndi 5500 sizijambula. Manambala akufanana, kusiyana kwake chilembo chimodzi, ndipo katunduyo akafika ku Embangweni kapena ku Edingeni simungamubwezenso kusitolo ya ku Johannesburg.

Chachiwiri ndi msinkhu wa purosesa. Makompyuta ambiri otsika mtengo ndi amene anagwirapo kale ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Wogulitsa amalemba "Core i7" ndi zilembo zikuluzikulu. Inu funsani nambala yonse. Ngati ndi i7-3770, nambala 3 yoyambirirayo ikutanthauza m'badwo wachitatu, wa mu 2012, ndipo gawo lake lojambula, HD 4000, ndi nkhalamba yeniyeni. Polemba mu Word ndi Excel ilibe vuto, koma gemu ya masiku ano siyingaikoke. Ngakhale za m'badwo wa 8 mpaka 10, zokhala ndi UHD 630, zinapangidwa poganizira za mu ofesi ndi kuonera mavidiyo. Minecraft ndi magemu akale zimayendetsa, koma musaziyembekezere zambiri.

Ngati kusankha kukanakhala kwanga, pa ndalama yochepa ndikanaloza kwa AMD. Ryzen 3 3200G ya mu 2019 ili ndi ma core 4 ndi gawo lojambula lotchedwa Vega 8. Ryzen 5 5600G ya mu 2021 ili ndi ma core 6 ndi gawo limene ambiri amalitchula Vega 7. Wina anena kuti aa, 8 si wamkulu kuposa 7, eti? Tiwerengere. Vega 8 ili ndi tiantchito 512, ana a mu holo aja, tothamanga pa 1,250 MHz. Ya mu 5600G ili ndi 448 tokha, koma tothamanga pa 1,900 MHz. Mukachulukitsa, 512 × 1,250 ndi 640,000, pamene 448 × 1,900 ndi 851,200. Ana ochepa olemba msanga aposa ana ambiri olemba pang'onopang'ono. Ziliponso zatsopano zamphamvu kwambiri, monga Ryzen 5 8600G ndi Ryzen 7 8700G za mu 2024, koma zimafuna motherboard ya AM5 ndi RAM ya DDR5, zonse zodula. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogulidwa ndi randi kapena dola chimaluma, choncho izo ndingozitchula n'kudutsa.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse, chifukwa ndi imene ogulitsa satchula n'komwe. Graphics card ili ndi memori yakeyake. Integrated graphics ilibe, imabwereka RAM yomweyo imene purosesa ikugwiritsa ntchito. Taganizani za mjigo umodzi pamene pakutunga sukulu yonse ndi mudzi womwe. Madzi pansi angakhale ambiri, koma amene akutuluka pampopi pa mphindi imodzi ndi omwewo, ndipo mzere wa zidebe ukungotalika. Kuchuluka kwa RAM, kaya 8 GB kaya 16 GB, ndi madzi a pansiwo. Liwiro limene deta imatulukira, bandwidth, ndi mpopi.

Kamtengo kamodzi ka RAM ya DDR4-3200 kamatumiza ma byte 8 nthawi 3,200 miliyoni pa sekondi, ndiye kuti 25.6 GB pa sekondi. Mukaika timitengo tiwiri m'malo oyenera, purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi, zimene amati dual channel, ndipo liwiro limafika 51.2 GB pa sekondi. Yerekezani ndi graphics card yotsika mtengo ngati GTX 1650, imene memori yake imafika 128 GB pa sekondi, kapena kuposa pa mitundu ina, popanda kugawana ndi wina. Mukuona kuti ana a mu holo aja nthawi zambiri sachedwa chifukwa cholephera samu ayi, amangokhala manja lende kudikira kuti mapepala afike. N'chifukwa chake timitengo tiwiri ta 8 GB timaposa kamodzi ka 16 GB pa magemu, ngakhale zonse ndi 16 GB ndipo mtengo wake sumasiyana kwenikweni. Munthu wogula 5600G n'kuikamo kamtengo kamodzi walipira mphamvu imene sadzaiona. Ngati motherboard ili ndi mipata inayi, kawirikawiri mumaika pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa. Kabuku kake kamanena.

Palinso chifukwa china chimene kwa ife kuno chimapangitsa integrated graphics kukhala nzeru, osati kungopirira umphawi: magetsi. M'midzi yambiri ya kummwera kwa boma lino mawaya a ESCOM sanafike, ndipo kumene anafika amathimathima. Anthu amadalira sola, batire ndi inveta. Tengani physics yanu ya MSCE: mphamvu yosungidwa ndi ma volt kuchulukitsa ma amp-hour. Batire ya 12 V, 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya asidi ija sibwino kuitsitsa kupyola theka, ndiye zanu zenizeni ndi 600 Wh. Ryzen 5 5600G inalembedwa 65 W, purosesa ndi gawo lojambula pamodzi. Tiyerekeze kuti kompyuta yonse ndi sikirini zikudya 120 W. Ndiye maola asanu, tisanachotse zimene inveta imataya. Graphics card ngati RTX 3060 payokha imafuna 170 W. Mukaiwonjezera mwafika cha m'ma 290 W, ndipo batire yomweyo ikupatsani maola awiri basi, kenako amayi akufunsani chifukwa chake mababu azima nsima isanapse.

Koma tisanamizane. Integrated graphics siyisandutsa kompyuta kukhala PlayStation 5. Magemu a mpira ngati eFootball, Minecraft ndi ambiri amene anatuluka zaka zingapo zapitazo amaseweredwa ndithu pa 5600G mukatsitsa settings. Atsopano olemera kwambiri adzadukiza. Chida chanu chachikulu ndi resolution. Sikirini ya 1280 × 720 ili ndi timadontho 921,600, osafika theka la 2,073,600 tija, choncho mukatsitsa kuchoka pa 1080 kufika pa 720 mwachepetsa ntchito ya holo ija kuposa theka. Chithunzi chimafewerako pang'ono, koma mpira ukayamba palibe amene amawerenga udzu wa m'bwalo. Ubwino winanso ndi woti mpata wa graphics card umakhalapobe pa motherboard, mudzaika ndalama ikadzapezeka. Izi n'zovutirapo pa timakompyuta topyapyala ta mu ofesi tija, chifukwa malo ndi ochepa ndipo power supply yake ndi yaing'ono.

Ndiye uthenga wa pa WhatsApp wopita kwa asibweni kapena achimwene ulembeni momveka, musangoti "yamphamvu". Tchulani dzina lonse ndi chilembo chake, Ryzen 5 5600G, kapena 3200G ndalama ikavuta. Nenani kuti RAM ikhale timitengo tiwiri tofanana ta 8 GB, DDR4-3200. Afunse ngati motherboard ili ndi pobaya HDMI, kapena VGA ngati sikirini yanu ndi yakale, chifukwa waya wa sikirini ubayidwa pa motherboard pomwepo. Afunsenso ngati BIOS yake ikuidziwa kale 5600G, poti ma motherboard ena akale monga a B450 amafuna kuikidwa BIOS yatsopano kaye. Koposa zonse aiyatse m'sitolo momwemo, adine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, alowe pa Performance, ajambule pamene palembedwa dzina la purosesa ndi pa Memory pamene pakuti "Slots used", akutumizireni zithunzizo asanalipire. Ma volt a ku South Africa ndi a kuno ndi amodzi, 230, choncho palibe chopsa. Pulagi yokha ndi imene imasiyana: ya kumeneko ili ndi mano obulungira, yathu ndi ya mano atatu amakona, ndiye konzeranitu waya wina kapena adaputa.