Mwana Wobadwa ndi Khungu la Mamba

Amayi anzathu, pali ana ena amene amabadwa atakutidwa ndi kachikopa konyezimira, kothina ngati pepala la pulasitiki. Zikope zimatembenuka, milomo imakokeka, ndipo khandalo limalephera kuyamwa bwino. Posakhalitsa kunja kwa chikuta kumayamba manong'onong'o: ati mayi anadya nsomba ali ndi pakati, ati bambo anasempha mwambo, ati pali dzanja la munthu. Zonsezi si zoona, ndipo nthawi imene imathera pa milandu yotere ndiyo ikanapulumutsa mwana.

Madokotala amatcha matendawa ichthyosis, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nsomba. Ndi matenda akumtundu, ndipo sapatsirana. Khungu la munthu limafundula mosaoneka tsiku ndi tsiku, koma mwa ana awa khungu lakale silichoka bwino. Limaunjikana n'kusanduka mamba.

Mitundu yake ndi yambiri. Wofala kwambiri ndi wopepuka, umagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250, ndipo umaoneka patapita miyezi mwana atabadwa. Wina umagwira ana aamuna, kudzera kwa mayi amene iye mwini sadwala. Mitundu yoopsa, yooneka tsiku lobadwa lomwelo, kawirikawiri imabwera pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu ya matendawa mobisika. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe nawo. Tsono apongozi asaloze chala mbali imodzi: palibe wolakwa.

Choopsa chili m'milungu yoyamba. Khungu lotere silisunga madzi kapena kutentha kwa thupi, ndipo m'ming'alu yake mumalowa tizilombo. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo atafunditsidwa bwino. Kumeneko amamuika m'kabokosi kofunda ndi kachinyezi, amamudzoza mafuta kangapo pa tsiku, amadontheza mankhwala m'maso kuti asaume, ndipo ngati sakutha kuyamwa amamupatsa mkaka wa mayi ake pa kapu kapena pa kachubu. Dokotala amazindikira matendawa poona khungu ndi pofunsa za abale a mbali zonse ziwiri. Choncho musabise kanthu.

Kachikopa kaja kamachoka kokha pakati pa milungu 2 ndi 4. Musakasende. Ana ochepa amatsala ndi khungu labwino, koma ambiri amakhala ndi mamba moyo wawo wonse. Mankhwala ochiziratu palibe, koma chisamaliro chimathandiza kwambiri.

Mukatuluka m'chipatala, sambani m'manja musanamugwire. Musambitseni tsiku lililonse m'madzi ofunda, osamukhula, ndipo mudzozeni Vaseline wopanda fungo khungu lisanaume. Musamupake phulusa, zitsamba kapena mafuta ofundula khungu ogula kumsika, makamaka okhala ndi salicylic acid, chifukwa amalowa m'thupi la khanda ndipo angathe kulipha. Muvekeni zovala zathonje. Akamakula, musamusiye padzuwa, pakuti ambiri satuluka thukuta mokwanira. Mpatseni madzi pafupipafupi.

Mukaona mafinya, fungo, kutentha thupi, kufooka kapena kukana bere, bwererani kuchipatala osadikira mawa. Pemphaninso kuti akutumizeni kwa madokotala a khungu, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kawirikawiri mwana wotere nzeru zake zimakhala zonse. Munyamuleni, asewere ndi anzake, ndipo nthawi ikakwana mutumizeni kusukulu.