Kompyuta yakana kudzuka? Idzutseni ndi chimbale

Ambiri a ife kuno kunja tili ndi kompyuta kunyumba, ena yatsopano, ena yogula kwa mnzathu wa kuntchito. Tsiku lina mumaiyatsa, sikirini ingoti bii, kapena ingolemba kuti "Operating system not found" basi. Mkatimo muli zithunzi za ana, CV, makalata a ku imigireshoni, malisiti a ndalama zomwe mwakhala mukutumiza kumudzi. Abale, musathamangire kuitaya kapena kupatsa munthu kuti afufute zonse. Nthawi zambiri makinawo ali bwinobwino, yavuta ndi Windows yokha, ndipo kompyutayo ikhoza kudzuka pogwiritsa ntchito chimbale cha CD kapena DVD.

Zimayenda bwanji?

Mukadina batani loyatsira, Windows siyamba nthawi yomweyo. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kakang'ono kotchedwa BIOS, komwe kamakhala pa bolodi lalikulu mkati mwa kompyuta. Makompyuta ambiri opangidwa kuyambira nthawi ya Windows 8, mu 2012, ali ndi UEFI m'malo mwake, ngakhale anthu amangotibe BIOS. Ntchito yake ndi kufunafuna pomwe pali pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Ili ndi mndandanda wa malo oti iyang'ane, wotchedwa boot order, ndipo imayambira pamwamba kutsika m'munsi. Ngati pamwamba pali hard drive, BIOS imathamangira komweko, chimbale chanu osachiyang'ana n'komwe. Ndiye ntchito yathu ndi kuiuza kuti iyambe yaona chimbale.

Si chimbale chilichonse ayi

Chimbale cha nyimbo kapena cha filimu sichingadzutse kompyuta. Chofunika ndi chimbale cholembedwa mwa njira yapadera yotchedwa El Torito, yomwe makampani a IBM ndi Phoenix anatulutsa mu 1995. Zimbale zoikira Windows ndi zotero, chimodzimodzinso za Linux.

Akuluakulu mukumbuka kuti kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inkatumiza zimbale za Ubuntu papositi mwaulere. Zimenezo zinatha mu 2011. Masiku ano mumatenga nokha fayilo ya ISO pa intaneti, pa kompyuta ina yomwe ikugwira ntchito, n'kuilemba pa chimbale chopanda kanthu.

Apa mpomwe ambiri amaphonya. Kungokopera fayilo ya ISO pa chimbale ngati mmene timachitira ndi zithunzi sikuthandiza. Kuyambira pa Windows 7, dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, musankhe "Burn disc image". Onaninso kukula kwake. CD imalowa 700 MB, DVD wamba 4.7 GB. Ubuntu ya 2024 ndi Windows 11 zinapitirira pamenepo, zimafuna DVD ya 8.5 GB kapena flash. Linux Mint imakwana pa DVD wamba.

Mabatani oti mudine

Yatsani kompyuta, ikani chimbale, muizimitse, kenaka muiyatsenso. Dzina la kampani likangooneka pa sikirini, yambani kudina batani la boot menu mobwerezabwereza, chifukwa mpata wake ndi wa masekondi ochepa chabe. Pa Dell ndi Lenovo batani lake nthawi zambiri ndi F12, pa HP dinani Esc kenaka F9. Pabwera mndandanda. Tsikani ndi mabatani a mivi mpaka pomwe palembedwa CD/DVD, mudine Enter. Njira iyi ndiyo yabwino chifukwa imagwira ulendo umodzi wokha, siisintha kanthu mkatimo.

Ngati boot menu palibe, lowani mu BIOS mwenimweni. Pa Dell ndi Acer ndi F2, pa HP ndi F10, pa makompyuta ambiri a patebulo olumikizidwa ndi amisiri ndi Del. Pitani pa gawo lolembedwa Boot, kwezani CD/DVD ikhale pamwamba, musunge zomwe mwasinthazo potuluka. Pa ma BIOS ambiri batani losungira ndi F10. Chonde, zina zonse zomwe simukuzidziwa m'menemo zisiyeni mmene zilili.

Ikakanabe

Chimbale cha Windows chimalemba kuti "Press any key to boot from CD or DVD". Mukachedwa kudina, kompyuta imabwerera ku hard drive, inu n'kumaganiza kuti chimbale n'chakufa. Ingoyambiraninso.

Pa makompyuta a UEFI pali chitetezo chotchedwa Secure Boot, chomwe chimakana zimbale zakale monga za Windows XP ndi Windows 7. Chimazimitsidwa mu BIOS momwemo, koma mukatha ntchito chiyatseninso.

Ngati BIOS ikuiwala zomwe mwasunga, ndipo tsiku ndi nthawi zikumasokonekera, kabatire kake katha. N'kozungulira ngati kandalama kachitsulo, kolembedwa CR2032, ndipo kamapezeka m'masitolo wamba. Chimbale chikakhala chothimbirira, chipukuteni ndi kansalu kofewa kuchoka pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Malaputopu ambiri a masiku ano alibiretu poika chimbale. Zikatero mukhoza kugula makina a DVD olumikiza pa USB, kapena kulemba ISO ija pa flash ndi pulogalamu yaulere ya Rufus. Mabatani ake ndi omwe aja.

Pulumutsani katundu wanu kaye

Iyi ndiye mfundo yaikulu zedi. Chimbale cha Linux chikadzutsa kompyuta, zonse zimayendera pa chimbalepo, hard drive yanu siikhudzidwa pokhapokha inu mutalamula. Pa Ubuntu sankhani "Try Ubuntu", osati "Install". Mukasankha Install n'kumangodina Next osawerenga, mukhoza kufufuta zonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Chimayenda pang'onopang'ono, musatope. Chikatseguka, lowani mu hard drive, pitani mu foda ya Users, kapena Documents and Settings ngati ndi Windows XP, mukopere mafayilo anu pa flash. Ngati hard drive inatsekedwa ndi BitLocker, pafunika nambala yake yotsegulira ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft.

Katundu akapulumuka, ndi pomwe mungaganize zokonza kapena kuikanso Windows. Dziwani kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020, kotero kuzibwezeretsa pa kompyuta yolowa pa intaneti n'kuitana akuba. Mukamaliza, bwezerani hard drive pamwamba pa mndandanda uja.

Pomaliza, konzani chimbale kapena flash yotere lero, kompyuta ikadali bwino, muisunge pamodzi ndi mapepala ofunika. Ndipo ngati mukutumiza kompyuta yakale kwa abale kumudzi, ikanimo china m'katoni, pamodzi ndi kapepala kolembapo batani loti adine.