Kapepala koyezera HIV kamaona chiyani, nanga kachilomboka kamafika bwanji ku ubongo?

Sabata yatha ndinkaphunzitsa Fomu 3 za mmene madzi amakwerera okha m'timipata tating'onoting'ono. Ndinaviika nsonga ya choko mu inki, tonse n'kumaona inki ija ikukwera popanda woikankha. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono: "Aphunzitsi, kodi si zomwezi zimachitika pa kapepala kaja amayezera HIV?" Kalasi yonse inafa ndi phwete, koma mwanayo analondola. N'zomwezo ndithu.

Belu litalira, mnyamata wina anatsalira n'kundifunsa motsitsa mawu. Amalume ake anayamba kuiwala mayina a ana awo ndi kuyenda modzandira. Kumudzi ankati alodzedwa, kuchipatala anati ndi HIV. "Nanga si HIV imakhala m'magazi, aphunzitsi? Kumutu ikukatani?"

Mafunso awiriwa ndi nkhani imodzi. Kachilomboka kamafika ku ubongo msanga kwambiri, munthu asanamve chilichonse m'thupi, ndipo njira yokha yokadziwira nthawi ikadalipo ndi kuyezetsa. Tiyeni tiyambe ndi kapepalako.

Zimene zimachitika pa kapepala

Choyamba mudziwe kuti kapepala kamene alangizi amagwiritsa ntchito kuchipatala sikafufuza kachilombo kenikeniko. Kamafufuza yankho la thupi lanu. Kachilombo kakalowa, thupi limapanga mapuloteni otchedwa ma antibody, ndipo antibody aliyense ali ndi mpangidwe womata pa mdani mmodzi yekha, ngati kiyi ndi loko wake. Munthu amene alibe HIV sakhala ndi ma antibody a HIV.

Mlangizi akakubayani chala, amadontheza magazi kunsonga ya kapepalako n'kuwonjezera kamadzi kena. Magaziwo amayenda m'timipata ta pepalalo ngati inki mu choko. Panjira amatola tizidutswa ta mtundu timene tinamatidwa ku zidutswa za mapuloteni a HIV zopangidwa mu labu. Ngati m'magazimo muli ma antibody a HIV, amagwira tizidutswato n'kuyenda nato. Kutsogolo kuli mzere wosaoneka pamene anamatapo mapuloteni enanso a HIV. Ma antibody aja akafika pamenepo amakodwa, tizidutswa ta mtundu tija timaunjikana, mzere n'kuoneka.

Mzere winawo, umene umaoneka kwa aliyense, ntchito yake ndi kutsimikiza kuti madzi ayendadi mpaka kumapeto. Ukapanda kuoneka, kapepalako sikanagwire ntchito, amataya n'kuyambiranso.

Nanga kufiirako kumachokera kuti? Si magazi ayi. Pa kapepala ka Determine amagwiritsa ntchito seleniyamu, pa ka Uni-Gold ndi golide weniweni. Mukuti golide ndi wachikasu eti? Inde, akakhala chibangili. Koma akaphwanyidwa kukhala tizidutswa ta ma nanomita makumi ochepa, paja nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, amayamwa kuwala kobiriwira n'kusiya kofiira kuti kufike m'maso mwathu. Fizikisi ya kuwala imene timaphunzira ija ili pa tebulo la mlangizi tsiku lililonse.

Nthawi imene kapepala sikaona

Poti kapepala kamadikira ma antibody, ndiye kuti thupi likakhala lisanawapange okwanira, kamaonetsa mzere umodzi ngakhale kachilombo kalimo. Achipatala nthawi imeneyi amaitcha window period. Pa zoyezera zofufuza ma antibody okha, imatenga masiku 23 mpaka 90 kuchokera tsiku limene kachilombo kanalowa. Makina a mu labu ofufuza chibadwa cha kachilomboko amakapeza msanga, pakati pa masiku 10 ndi 33.

Choopsa n'chakuti m'masabata oyambirira amenewa tizilombo timakhala tochuluka zedi m'magazi, ndipo munthu amapatsira ena mosavuta. Ena amamva kutentha thupi, zilonda zakukhosi, kuphwanya m'thupi, n'kumangoti ndi malungo. Ena samva kalikonse. N'chifukwa chake mlangizi amafunsa kuti zinachitika liti, ndipo ngati ndi posachedwa amakuuzani tsiku loti mudzabwerenso. Musamaone ngati akukuvutitsani.

Bwanji sayeza kamodzi basi?

Apa tichite masamu pang'ono. Manambalawa ndi ongoyerekeza kuti mfundo imveke. Tinene kuti tayeza anthu 1,000, ndipo 10 mwa iwo ali ndi HIV. Kapepala kathu n'kabwino, kawapeza onse 10. Koma kamalakwitsa kamodzi pa anthu 100 aliwonse amene alibe kachilombo. Opanda kachilombo alipo 990, ndiye kuti pafupifupi 10 mwa iwo kawaonetsa mizere iwiri molakwika. Onse a mizere iwiri akwana 20, koma theka lawo alibe HIV!

Tsopano anthu 20 aja tiwayezenso ndi kapepala ka kampani ina, kopangidwa mosiyana. Mwayi woti timapepala tiwiri tosiyana tilakwitse pa munthu mmodzi yemweyo ndi 1/100 kuchulukitsa ndi 1/100, kumene ndi kamodzi pa 10,000. Kachitatu kamautsitsanso. M'chaka cha 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu aziuzidwa kuti ali ndi HIV pokhapokha zoyezera zitatu zosiyana zitagwirizana.

Izi zikukhudzanso kachipangizo kodziyezera wekha ka OraQuick, kamene umapukuta nako nkhama n'kudikira mphindi 20. Kakaonetsa mizere iwiri, si chigamulo. Ndi uthenga woti pita kuchipatala akatsimikize.

Makanda ali ndi vuto lawo. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amatengera ma antibody a mayi ake, ndipo amatha kukhala nawo mpaka miyezi 18 ngakhale iye alibe kachilombo. Kapepala kangathe kunama. Ndiye kuno ku Malawi khanda lotere likakwana masabata 6 amatenga magazi pachidendene kapena pachala, n'kukawayeza ndi njira ya PCR, imene imafufuza chibadwa cha kachilombo chenichenicho. Makina a PCR amakopera kachidutswa ka chibadwako mobwereza, ulendo uliwonse kuchuluka kwake kumawirikiza kawiri: 2, 4, 8, 16. Akazungulira ka 30, kachidutswa kamodzi kamabala makope oposa 1,000,000,000. Yesani pa kakyuleta, 2 ku mphamvu ya 30. Njira yofanana ndi imeneyi ndi imene amayezera viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo m'mililita imodzi ya magazi a munthu amene akumwa ma ARV.

Ulendo wa ku ubongo

Tsopano funso la mnyamata uja. Ubongo ndi chiwalo chotetezedwa kwambiri. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo tili ndi makoma omatana kwambiri kuposa a kwina kulikonse m'thupi, moti tizilombo tambiri ndi mankhwala ambiri sizidutsa. Zili ngati rodibuloko pamsewu. Koma rodibuloko imalola magalimoto a asilikali kudutsa. Maselo oyera a magazi, amene timawatcha asilikali a m'thupi, amaloledwa kulowa kuti akayendere. Ndipo HIV imakhala m'kati mwa maselo omwewo. Imadutsa itabisala m'galimoto ya asilikali.

Izi sizidikira zaka. Ofufuza a ku Thailand anapeza kachilomboka m'madzi ozungulira ubongo ndi msana patangopita masiku 8 chilowereni m'thupi. Fananizani ndi masiku 23 aja amene kapepala kamayambira kuona. Kachilombo kamafika kumutu kapepala kasanadziwe n'komwe.

Kakafika, sikalowa m'maselo oganizira, amene amatchedwa ma neuron. Kamakhazikika m'maselo osamalira ndi kuyeretsa ubongo, makamaka ma microglia ndi ma macrophage. Maselo amenewa akagwidwa amatulutsa mankhwala oyambitsa kutupa, kachilombonso kamatulutsa mapuloteni ake monga gp120 ndi Tat, amene ndi poizoni kwa ma neuron. Pang'onopang'ono malo olumikizirana ma neuron amachepa. Chikutiro cha mafuta chotchedwa myelin, chimene chimakuta mitsempha ngati pulasitiki pa waya wa magetsi, nachonso chimawonongeka. Mu mtsempha wokutidwa bwino uthenga umatha kuthamanga mamita 100 pa sekondi. Mu wosakutidwa umayenda mwina mita imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake chizindikiro chachikulu cha HIV mu ubongo ndi kuchedwa: kuchedwa kuganiza, kuchedwa kuyankha, zala kuvutika kumanga mabatani, miyendo kulemera, munthu kusiya kusangalala ndi zimene ankakonda.

Madokotala mavuto onsewa amawatcha HAND, ndipo amawagawa patatu. Gawo loyamba limaoneka pa mayeso apadera a kaganizidwe basi, mwiniwake saona vuto. Lachiwiri limasokoneza pang'ono ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kuiwala kumwa mankhwala kapena kusokoneza chenji pa malonda. Lachitatu ndi lalikulu, munthu amalephera kudzisamalira. Lachitatuli linali lofala ma ARV ophatikiza asanabwere mu 1996, koma tsopano limaoneka makamaka mwa amene sanayambe mankhwala kapena anawasiya. Kuno kwathu ma ARV aulere m'zipatala za boma anayamba mu 2004. Mwa ana obadwa nako amene sanalandire mankhwala msanga, vutoli limaoneka pa kuchedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula.

Palibe kapepala koyezera HAND. Dokotala amapatsa munthu timayeso ta kukumbukira mawu ndi kufulumira kwa zala, amafunsa achibale, ndiponso amayamba wachotsa zifukwa zina monga mowa, kukhumudwa, chindoko, kapena mankhwala amene munthuyo akumwa. Mwachitsanzo efavirenz, amene ambiri ankamwa dziko lino lisanasinthire ku dolutegravir mu 2019, amadziwika ndi chizungulire ndi maloto oopsa. Makina a CT, ojambula ndi X-ray, ndi a MRI, ojambula ndi maginito amphamvu, amathandiza kuona chotupa kapena kufota kwa ubongo, koma HIV yeniyeniyo saiona.

Olowa chitseko chikatseguka

Njira yachiwiri imene HIV imawonongera ubongo ndi yachangu ndipo imapha. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 mu kadontho ka magazi ka kiyubiki milimita imodzi. HIV imapha maselo amenewa chaka ndi chaka. Akatsika pansi pa 200, matenda ena amapezerapo mwayi: TB ya mu ubongo, toxoplasmosis imene imayambitsa zotupa ndi kukomoka ngati khunyu, ndi matenda oumitsa khosi obwera ndi Cryptococcus.

Cryptococcus ndi kanthu ka mtundu wa yisiti kopezeka m'dothi, m'mitengo ndi m'zitosi za mbalame. Tonse timakapuma, chitetezo chathu n'kukagonjetsa. Koma CD4 ikatsika, makamaka pansi pa 100, kamafika ku ubongo. Zizindikiro zake ndi mutu wosasiya kwa masiku ambiri, kusanza, kuuma khosi, kuona zinthu ziwiriziwiri, ndi kubalalika. Apa m'pamene mabanja ambiri amataya masiku akuthamangira kwa sing'anga.

Kuchipatala amayeza magazi ndi kapepala kena kotchedwa CrAg, kenako amatenga madzi a mumsana. Ndikudziwa, ambiri amaopa kuti kuchotsa madzi a mumsana kumapha. Tiyeni tione manambala. Munthu wamkulu amakhala ndi madziwa pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga ena okwana 500 tsiku lililonse. Ochepa amene dokotala watenga amabwereramo m'maola owerengeka. Singano amailowetsa m'munsi, kupitirira pamene mtsempha waukulu wa msana umathera. Kusinganoko amalumikiza kapaipi koimirira, madzi n'kukwera mmenemo, kutalika kwake n'kusonyeza mphamvu imene akukankha nayo. Ndi manometer yomwe ija ya mu labu yathu, P = ρgh. Mwa munthu wathanzi madziwo sapitirira masentimita 20 kawirikawiri. Cryptococcus imatseka njira zotulukira madziwa, ndiye amaunjikana m'chigaza chimene sichifutukuka, n'kumafinya ubongo ndi mitsempha ya maso. Kuchotsako ena kumachepetsa kufinyako ndipo kumapulumutsa moyo. Amene amamwalira atachotsedwa madzi nthawi zambiri amakhala kuti anafika mochedwa.

Mankhwala ake aliponso. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika m'mayiko asanu a mu Africa kuphatikizapo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anasonyeza kuti mlingo umodzi waukulu wa liposomal amphotericin B pamodzi ndi mapiritsi a masabata awiri umagwira ntchito ngati njira yakale, koma ndi zovuta zochepa. Mu 2022 WHO inavomereza njira imeneyi.

Ndiye inu mutani?

Musathamangire kuganiza kuti kuiwala fomyula pa mayeso ndi HIV. Kusagona, njala ndi nkhawa ndizo zimaiwalitsa ambiri a inu. Komanso mnzanu amene ali ndi HIV ndipo akumwa mankhwala mokhulupirika angathe kukuposani pa MSCE bwinobwino. Ma ARV akatsitsa viral load, kutupa kwa mu ubongo kumachepa, CD4 imakwera, chitseko cha matenda aja chimatsekeka. Kachilombo sikatheratu, kamabisala m'maselo, mu ubongo momwemo, ndipo munthu akasiya mankhwala kamadzukanso. Zina zimene zinawonongeka kale sizibwerera zonse. Choncho kusiyana kwakukulu kuli pa zaka zimene munthu wakhala nako osadziwa.

Malamulo a dziko lino amalola munthu wa zaka 13 kupita m'mwamba kuyezetsa mwa kufuna kwake, ndipo m'zipatala za boma ndi ulere. Kuyambira 2016, wopezeka nako amayamba ma ARV osadikira kuti CD4 itsike. Ngati mwagwiriridwa kapena mwagonana mosadziteteza ndi munthu amene mukumukayikira, musadikire window period: pali mankhwala a PEP, oyenera kuyamba maola 72 asanathe. Ndipo wachibale amene ali ndi HIV akadandaula mutu wosasiya kapena akayamba kubalalika, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Mnyamata uja ndinamuuza zomwezi, ndi kuti ntchito yaikulu imene angagwire kunyumba ndi kuonetsetsa kuti amalume ake sakudumphitsa mankhwala ngakhale tsiku limodzi, popeza munthu woiwala amaiwalanso mapiritsi.

Funso la sabata ino: madzi a mumsana a wodwala akwera masentimita 30 mu manometer. Tengani ρ kukhala 1,000 kg/m³ ndi g kukhala 10 N/kg. Pezani P mu ma pascal, ndipo fotokozani chifukwa chake dokotala amamugoneka wodwalayo chammbali poyeza, osati chokhala.