Kukonzanso nyumba ku Senga Bay: chogumula ndi chiti, chopirira ndi chiti?

Makoma ena a m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, ali ndi mzere wakuda wodutsa kuchoka pangodya ina kukafika pa inzake. Pansi pa mzerewo penti idasupuka ndipo pulasitala amayoyoka ukangomukhudza ndi chala. Ukagogoda matailosi a pakhonde ndi kiyi, amalira mokhala ngati pansi pake pali mphako, chifukwa mchenga womwe adakhazikidwapo udapita ndi mafunde. Zitseko zidafufuma, sizitsekeka bwino. Mzerewo ndi pomwe padafika madzi mu 2024.

Chaka chimenecho, m'mwezi wa Epulo, madzi a nyanja ya Malawi adapitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, msinkhu womwe anthu ambiri omanga nyumba lero anali asanauonepo. Malo ogona alendo, nyumba zopumuliramo za anthu a ku Lilongwe ndi nyumba za asodzi zidalowa madzi ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota. Chowawa kwambiri n'chakuti zambiri zomwe zidawonongeka zinali zowonjezera zomwe eni ake adamanga pambuyo pake pofuna kukongoletsa malo: khonde lotambasukira kumchenga, kanyumba kopumuliramo, mpanda wa njerwa, chipinda cha alendo choyang'ana kumadzi. Nyumba yakale yomwe adaipeza idamangidwa patali, pamtunda, ndipo nthawi zambiri idapulumuka.

Tsono mwini nyumba wagwira njakata. Agumule n'kuyambiranso? Angopaka penti n'kuiwala? Kapena angozisiya momwemo, azidutsapo tsiku ndi tsiku mtima ukumupweteka?

Ambiri adaloza chala ku Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, ati akuluakulu akutsekereza madzi dala. Zoona, chotchingira madzi chimenechi, chomwe chidamangidwa mu 1965, chimawongolera madzi olowa mu Shire kuti magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asazime m'chilimwe, komanso kuti a ku Chikwawa ndi Nsanje asakokoloke. Koma Shire ndi mtsinje umodzi wokha wotuluka m'nyanja yonseyi, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi ndi dzuwa. Olowa ndiye amachokera kutali: Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, Rukuru, Bua, Linthipe. Mvula ikagwa yambiri kumpoto, munthu wa ku Chipoka amaiona pakhomo pake patapita miyezi, ngakhale kumunda kwake chimanga chitauma ndi ng'amba, monga zidachitikira mu 2024 muja.

Nyanjayi siyambira lero kusuntha. Pofika 1915 idali itatsika mpaka Shire adaleka kutuluka, ndipo sadatulukenso mpaka cha m'ma 1935. Mu 1980 idakwera kupitirira mamita 477. Cha m'ma 1997 idatsikanso kwambiri, mchenga n'kutambalala, ndipo anthu adayamba kuuona mchengawo ngati malo opanda mwini. Amene adagula puloti kapena kukulitsa nyumba m'zaka zimenezo adayeza ndi maso, poona pomwe madzi ankalekezera tsiku limenelo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. A bungwe la National Water Resources Authority akhala akukumbutsa kuti malo onse a pansi pa mzere wa mamita 477 ndi a nyanja, sayenera kumangidwapo.

Apa ndiye pomwe ndikuona kuti tikusakaniza madandaulo awiri osiyana, ndipo kusakanizako kukudya ndalama za anthu.

Dandaulo loyamba ndi la maso ndi thupi. Wina adasasula udzu n'kufolera malata kuti nyumba ioneke yamakono, koma Okutobala akafika, m'chipinda simukhalika, banja lonse limagona pamphasa panja. Wina adatseka khonde ndi magalasi kuti apeze chipinda china, n'kutsekereza mphepo yomwe inkaziziritsa nyumba yonse. Wina adaika matailosi onyezimira, oterera, pamalo pomwe ana amalowa ndi mapazi onyowa kuchokera kosambira; mchenga wawakanda, ndipo agogo akuyenda chogwira khoma. Zoterezi zimapweteka, pakuti munthu umaziona m'mawa uliwonse n'kumakumbukira ndalama zomwe zidalowapo. Komabe zambiri sizifuna nyundo. Denga lamalata limazizirako ukaika siling'i, kuboola timazenera ta mpweya pamwamba pa khoma ndi kudzala mitengo ya mthunzi kumadzulo kwa nyumba. Galasi la pakhonde likhoza kusinthidwa ndi sefa yotchinga udzudzu, mphepo n'kuyambanso kulowa. Penti yomwe mtundu wake sukukusangalatsa ingadikire; dzuwa la ku Salima lidzaifwifwitsa lokha, ndipo nthawi yopakanso idzakwana.

Dandaulo lachiwiri ndi la malo ndi msinkhu, ndipo ili silinyengereredwa. Ngati maziko adakumbidwa mumchenga womwe mafunde amafikapo, pulasitala watsopano sathandiza kanthu. Mwera ukayamba kuwomba mu Juni mpaka Ogasiti, nyanja imakhala isanatsike kwenikweni, ndipo mafunde amakumba pansi pa khoma pang'onopang'ono mpaka ming'alu itaonekera pamwamba pa zenera. Ena aunjika matumba a mchenga, ena amanga khoma la miyala. Khoma lotere limateteza mwini wake kwa kanthawi, koma limakankhira mphamvu ya madzi kwa woyandikana naye, ndipo kawirikawiri limatsekanso njira yomwe asodzi amakokera ngalawa ndi amayi amadzera popita kochapa. Ndalama yomwe ikuthiridwa pamenepo bwenzi itamanga chipinda chomwecho kumtunda kwa puloti.

Koposa zonse ndi chimbudzi. Anthu akamawerengera zowonongeka amayamba ndi zomwe alendo amaziona, dzenje la zonyansa n'kubwera kumapeto, pomwe ndilo loyenera kukhala loyamba. Dzenje lomwe lidamizidwa limatayira m'madzi omwe anthu akumwa, kusamba ndi kutsukiramo usipa. Sitidaiwale kolera yomwe idayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima yomwe, adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Munthu amene akukayika ngati asinthe matailosi kapena ayi, koma chimbudzi chake chili pamalo omwe madzi adafika, funso lake layankhidwa kale.

N'zoona kuti kulankhula n'kosavuta. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi zitsulo zidakwera nayo limodzi. Amene adamanga khonde zaka zisanu zapitazo sangalimangenso ndi ndalama yomweyo. Ena adachita kutenga ngongole kubanki nkhonde, ena ndi ndalama zomwe mwana adatumiza kuchokera ku Joni, ndipo kuuza mwanayo kuti thukuta lake lidapita ndi madzi ndi chinthu cholemera pakamwa. N'chifukwa chake ambiri amathamangira penti: ndi yotsika mtengo, ndipo imabisa manyazi msanga.

Mmisiri naye amavomera zomwe wauzidwa. Mwini nyumba akati "Achimwene, ingomatani apa," iye amamata, chifukwa ganyu ndi ganyu. Si ambiri omwe angalimbe mtima kunena kuti "Bwana, pano tisamangepo." Choncho ndi bwino kufunsa kaye ena omwe sapindulapo kanthu pa ntchitoyo: nkhalamba za m'mudzimo zomwe zimakumbukira pomwe madzi adalekezera mu 1980, ndi a kukhonsolo ya boma la Salima omwe amayang'anira za malo ndi zomangamanga. Mzere wa pakhoma uja usafufutidwe musanauyeze, chifukwa pansi pa nyumba yatsopano payenera kukhala pamwamba pake ndithu, pokumbukira kuti madzi a 1980 adakwera kuposa pamenepo.

Ndipo pokonza, nthawi yabwino yoyendera puloti ndi mmisiri ndi Epulo kapena Meyi, nyanja itadzaza. Mu Novembala ndi Disembala madzi amakhala atatsika, mchenga uli mbee, ndipo ndi m'miyezi imeneyi pomwe anthu ambiri amagwirizana za ntchito n'kuyamba kukumba maziko.