Chingerezi Chisatiiwalitse Chiyankhulo cha Kwathu

Kwathu ku Nsaru ana ambiri amayamba Sitandade 1 asanamvepo Chingerezi. Ena, monga ana a aphunzitsi ndi a matenanti a fodya, amayankhula Chitumbuka kapena Chiyao kunyumba, Chichewa posewera, kenaka Chingerezi m'kalasi.

Malamulo akhala akusintha. Pambuyo pa 1968, ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chichewa. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udati aziphunzira m'chiyankhulo cha dera lawo. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidasankha Chingerezi. Ndipo pa mayeso a MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale akhoze maphunziro ena onse.

Komabe ine ndaona kuti mwana wodziwa kale kuwerenga m'chiyankhulo chimene amachimva sachedwa kugwira Chingerezi. Luso lolumikiza malembo ali nalo. Chomusowa ndi mawu atsopano basi.

Choncho aphunzitsi asamalange mwana akafunsa m'Chichewa. Amufotokozere kaye, kenaka amupatse mawu ake a Chingerezi. Inu makolo athu, musaleke kusimbira ana nthano m'chiyankhulo chanu. Ife a kuseminale, patchuthi tiziwerenga mabuku a Chingerezi ndi azing'ono athu. Wansembe wa mawa adzalalikira anthu a ziyankhulo zonsezi.