Kanyama Kokukuta Waya: Mlandu Uli pa Khola

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America ana ambiri amaweta kanyama kotchedwa hamster. Kamafanana ndi mbewa yonenepa, koma mchira wake ndi waufupi, ndipo m'masaya mwake muli timatumba tonyamulira chakudya. Eni ake amadandaula kawirikawiri kuti kamachezera kukukuta waya wa khola lake, mpaka mano kuthyoka ndi ubweya wa pamphuno kusosoka. Ena amayesa njala, ena amati nkusamva chabe. Ife tikuti mlandu suli pa kanyamako ayi, uli pa khola.

Tiyambe taona kwawo kwa kanyamaka. M'chaka cha 1930 katswiri wa zinyama Israel Aharoni anafukula kakakazi pamodzi ndi ana ake pafupi ndi mzinda wa Aleppo ku Syria, ndipo tambiri timene anthu akuweta lero tinachokera m'banja limenelo. Kutchire kamakhala kokhakokha mu una wakuya kuposa theka la mita, wokhala ndi chipinda chogona ndiponso nkhokwe. Tsono chilombo chozolowera kukumba ndi kuyenda mitunda, mukachitsekera m'kabokosi kopapatiza, chidzatani? Chidzalimbana ndi waya.

Akatswiri a pa yunivesite ya Bern ku Switzerland anayesa nkhaniyi. Mu 2006 anafalitsa zimene anapeza atayala utuchi wakuya masentimita 10, 40 ndi 80 m'makola osiyana. Tinyama ta pa utuchi wa masentimita 10 tinakukuta waya kwambiri, koma ta pa masentimita 80 sitinaoneke tikukukuta konse, popeza tinatanganidwa ndi kukumba mauna. Mu 2007 anaonetsanso kuti m'khola lalikulu kukukutako kumachepa.

Chifukwa chake wofuna kukonza khola atsate izi. Poyamba, pansi pake pasachepere masentimita 100 m'litali ndi 50 m'lifupi. Kukula kuposa apo nkwabwino koposa. Makoma akhale agalasi kapena amatabwa, waya akhale pa chivundikiro pokha kuti mpweya uzilowa. Chachiwiri, yalani utuchi wopanda fumbi kapena mapepala osalembedwa ong'ambang'amba, mwina masentimita 40, ndi kutsendera bwino kuti mauna asagwe. Thonje musaike, chifukwa limakola miyendo. Chachitatu, gudumu lothamangiramo likhale la masentimita 28 kapena kuposa, lopanda mipata popondapo, kuti msana usapindike. Onjezani kanyumba kobisalamo, mbale ya mchenga wosambamo, ndi timitengo touma, pakuti mano ake amakula moyo wake wonse ndipo ayenera kufupikitsidwa. Chakudya muzimwaza pa utuchi kuti kazifunafuna kokha. Musaike tiwiri pamodzi: timamenyana mpaka kuphana.

Chizolowezi chokhalitsa sichitha tsiku limodzi, choncho mwini wake apirire masabata angapo, osamenya kanyamako kapena kukadzutsa masana, nthawi yake yogona.

Inu makolo, musanalole mwana kubweretsa chiweto pakhomo, yambani mwayesa malo. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, ngakhale amene mumaweta akalulu kapena mbira, phunzirani kupenyetsetsa. Nyama siilankhula, koma ikamachita chinthu chimodzimodzi usiku ndi usiku, ikukuuzani kuti pali chimene ikusowa.